Penti Yapansi

Chisanu chitasungunuka ku Ishpeming
tinatsegula shedi ya malemu bambo, ine ndi Reino,
kuti tigawane zotsala nyumba isanagulitsidwe.
Kuseri kwa mafosholo ndi matayala akale
kanali katatsamira khoma ngati mwana wolangidwa:
kanjinga kamoto ka Arvo,
kolekeza m'mawondo mwangamu,
injini yake yonga ya makina otchetchera kapinga.

Reino anagwada, mafupa akulira.
Aili, anatero, ndipatse miyezi itatu.
Ndikapale mpaka chitsulo chiseke,
chishalo chatsopano, penti ya kufakitale,
kaoneke monga tsiku lomwe kanatuluka m'katoni.

Ndinati usakakhudze.

Popindika apa pa thanki
ndi bokosi la makalata la a Lahti, chilimwe cha 1971,
Arvo akuseka, dzino lili m'manja, magazi chuchuchu.
Tepi yakudayi pa chishalo anamata ndi mayi,
akutukwana m'Chifinishi kuti tisamve.
Chogwirira chakumanzere chinadyeka mbali imodzi,
pomwe pankakhala chala chake chachikulu.
Ukapala zonsezi utsala ndi chiyani?
Njinga ya aliyense.

Dzimbiri si chikumbutso, mlongo wanga, ndi matenda.
Limadya ife tili m'tulo.
Arvo sankalola kanjingaka kugona ndi matope,
Loweruka lililonse ankakatsuka asanalowe m'sauna.
Iwe ukusunga zomwe mwiniwake akadachita nazo manyazi.

Mawuwo anandilowa, sindibisa.
Koma ndinakulira m'tauni ya mgodi wa chitsulo,
komwe masokosi a bambo sankayera ngakhale uwawiritse,
ndipo kwa ine kufiira kwa dzimbiri ndi mtundu wa kwathu.

Sabata ziwiri osayankhulana.
Kenako foni, usiku: bwera udzaone.

Wakubayo anali atapala kale,
kamalo kokwana chikhatho, kunsi kwa thanki
komwe ankati sindidzasuzumirako.
Pansi pa penti yobiriwira panali yalalanje.
Pansi pa yalalanje, yabuluu, yofooka ngati mtsempha.
Ndipo pa buluupo, zokanda ndi msomali, zilembo ziwiri:
D.K.

Sitidziwa D.K. aliyense.

Reino anaunikira tochi pa chitseko cha sauna, kenako pa thanki.
Kubiriwira kumodzi, chitini chimodzi.
Kunalibe katoni, kani.
Bambo anakagula kwa eni ake katatopa kale,
n'kukapaka usiku ndi penti yotsala
kuti mnyamata wa zaka khumi aziti n'katsopano.
Arvo anapita kumanda akukhulupirira zimenezo.

Tinakhala pa ndowa zovundikira, chete.
Ine ndimateteza chophimba cha bambo ndikuti n'choyambirira.
Iye amafuna kubwezeretsa tsiku
lomwe m'banja mwathu silinachitikepo.

M'mawa kunabwera Signe, mdzukulu wa Reino,
jekete lomukulira, chingamu m'kamwa.
Anakazungulira kamodzi, anakankha tayala ndi nsapato.
Kodi kamayenda?

Ife nkhalamba ziwiri, mwezi wathunthu,
palibe anafunsapo zimenezo.

Kabuleta tinaviika m'chitini cha khofi.
Pulagi yatsopano, tcheni, mafuta, buleki.
Dzimbiri la pa felemu ndinamulola achotse,
thanki ndinakana,
ndipo kawindo ka mitundu itatu kaja
anangokapaka mafuta, n'kukasiya poyera.
Za chishalo sitinagwirizanebe mpaka lero.

Chingwe anakoka kasanu ndi kawiri.
Kanatsokomola, kanalavula utsi wabuluu,
kenako phokoso lija, lomwelija,
lomwe linkatulutsa mayi pakhonde, supuni ili m'manja.

Signe anatsetsereka ndi msewu, mawondo ali m'makutu,
kulunjika komwe bokosi la a Lahti likadaimabe
ngakhale a Lahti anatha kalekale.
Ndinakuwa kuti akapala thanki!
Reino anandigwira pamkono, akuseka mopanda mawu,
ndipo ndinamva mmene manja ake akalambira.